Mlatho wa M'kamwa Umalimba ndi Zipilala Zake

Mwezi watha, titatuluka m'tchalitchi pa Sabata, mayi wina wa kufupi ndi Chia anandiitanira pambali, pansi pa mtengo wa mango. Mayiwa ndimawadziwa kuyambira kale. Ndi a Dorika, ndipo kwa zaka zambiri mawu awo ndi amene ankagwira kwaya ya amayi. Koma tsikulo ankayankhula ataphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Chaka chatha anagwa pa njinga yamoto ya kabaza akuchokera kumsika, dzino limodzi lakutsogolo n'kuthyokera m'nkhama, ndipo kuchipatala kunalibe kuchitira mwina koma kulizula. Chichokereni dzinolo, kwaya anasiya.

"Adokotala," anatero, "mwana wanga wa ku Joni uja akuti atumiza ndalama kuti ndikaikitse dzino losavula. Akuti kuli china chake chotchedwa bridge. Kodi ndipite?"

Ndinawapempha kuti abwere Lolemba, ndidzaone kaye m'kamwa monse. Funso lawoli ndalimva kwa anthu ambiri m'mbali mwa nyanja muno, kuyambira ku Benga mpaka ku Dwangwa: msodzi amene dzino linabenthuka akuluma ulusi wa ukonde, mphunzitsi amene akuchita manyazi kuima pamaso pa ana, agogo amene anasiya kalekale kudya mtedza. Mwezi uno tiyeni tiikambe nkhaniyi mofatsa, chifukwa ndalama zimene zimalowa pa dzino limodzi lotere ndi zambiri, ndipo pali china chimene munthu amapereka chimene sadzabwezeredwa.

Dzino likachoka

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, kuphatikizapo anayi akumapeto kwenikweni amene amamera mochedwa. Manowa amagwirana ngati mitengo ya mpanda. Lililonse limatsamira linzake, ndipo la m'mwamba limakumana ndi la m'munsi. Limodzi likachoka, oyandikana nalo amayamba kupendekekera pa gwerupo pang'onopang'ono. Dzino la nsagwada inayo, limene linkagundana ndi lochokalo, limayamba kutalika popeza palibe cholitsekereza. Pakati pa mano opendekekawo pamatseguka timipata tokanirira chakudya, ndipo kubowoka kwa mano ndi chiseyeye zimayambira pomwepo. Fupa limene linkagwira muzu nalo limaphwa, makamaka m'miyezi yoyambirira. Kwa anthu ena zimenezi zimachitika msanga, kwa ena gweru limakhala zaka popanda kusuntha kanthu.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri chili m'mbale. Munthu amene mano otafunira amuthera sabwera kudzadandaula kuti akulephera kudya. Amangosintha zakudya mwakachetechete. Mtedza wokazinga amausiya, chimanga chootcha amapatsa adzukulu, usipa wouma amangomwa msuzi wake, magwafa amangowayang'ana. Chotsala chimakhala phala la shuga wambiri, buledi wonyika, mandasi ndi zakumwa zotsekemera. M'magazini ino timalimbikitsana kudya mgaiwa, nyemba, mtedza, zipatso ndi ndiwo zamasamba, koma zonsezi zimafuna mano. Ndipo zofewa zotsekemera zimene munthu amathawirako ndi zomwezo zimene zimabowola mano otsala aja.

Mlathowo ndi wotani?

Mawu akuti bridge amatanthauza mlatho, ndipo dzinali n'loyenera. Aliyense woyenda pa msewu wa M5 amaudziwa mlatho wa pa Bua. Pansi pali madzi, ndipo kulemera konse kwa malole kumathera pa zipilala. M'kamwa n'chimodzimodzi. Dzino lochita kupanga limakhala pamwamba pa gweru, lilibe muzu, ndipo limagwiridwa ndi mano enieni a mbali iyi ndi mbali inayo. Mano enieniwo ndiwo zipilala.

Ntchito yake imayenda motere. Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako amapala mano awiriwo mbali zonse mpaka atachepa ngati tizitsa. Amadinda m'kamwa kuti apeze chikombole, n'kuchitumiza kwa amisiri a mu labotale ya mano. Amisiriwo amaumba zinthu zitatu zolumikizana: zisoti ziwiri zokaveka pa tizitsa tija, ndi dzino lapakati lokatseka gweru. Ena amapanga ndi chitsulo chokutidwa ndi porcelain, ena ndi chinthu choyera cholimba kwambiri chotchedwa zirconia. Podikira, tizitsato amativeka zisoti zongoyembekezera. Pakapita mlungu umodzi kapena iwiri mumabwerera, amayesa, amakonza pamene pakugunda, n'kumata ndi simenti ya mano. Akamata, inu simungauvulenso.

Pa nkhani ya malipiro, dziwani ichi musanadabwe pa kauntala: dzino losowa ndi limodzi, koma mumalipira mano atatu, chifukwa zisoti ziwiri zija zimawerengedwa pazokha.

Ulipo mtundu wina umene anthu ambiri sanaumvepo. Dzino lopangalo limakhala ndi kaphiko kopyapyala kamene amakamata kuseri kwa dzino loyandikana nalo, kumene sikuoneka. Ambiri amautchula kuti Maryland, chifukwa njirayi inakonzedwa bwino ku University of Maryland, ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ubwino wake ndi wakuti dzino lenileni amangolipala pang'ono, nthawi zina osalipala n'komwe. Umayenera makamaka pa dzino limodzi lakutsogolo. Kuipa kwake, nthawi zina umamatuka, koma ukamatuka dzino lanu limakhala lidakali lathunthu ndipo kawirikawiri amaumatanso.

Chimene simudzabwezeredwa

Kunja kwa dzino kuli chikuto choyera cholimba chimene madokotala amachitcha enamel. M'thupi lonse mulibe cholimba kuposa chimenechi, koma chikachoka sichimeranso. Khungu limapola, fupa limalumikizana, koma dzino lopalidwa limakhala lopalidwa mpaka kalekale. Kuyambira tsiku limenelo lidzafuna chisoti moyo wanu wonse. Mwa mano opalidwa, ena mtsempha wake wam'kati umadzafa patapita nthawi, dzino n'kuyamba kupweteka kapena kutunga mafinya, ndipo pamafunika chithandizo china cha muzu chimene nachonso chimadya ndalama.

Mlatho wopangidwa bwino, wosamalidwa bwino, umatha zaka 10 kapena kuposerapo. Koma si wamuyaya. Munthu wa zaka 30 adziwiretu kuti tsiku lina adzaulipiranso. Ndipo nthawi zambiri chimene chimawonongeka si dzino lopanga lija, pakuti ilo silibowoka. Zimene zimawonongeka ndi zipilala. Dzino lenileni limayamba kuola m'mphepete mwa chisoti, pamene chakumana ndi nkhama, kapena chiseyeye chimadya fupa logwira muzu. Kunja mlatho ukuwalabe, mwini wake akumwetulira, koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chipilala chimodzi chikazulidwa, mlatho wonse wagwa, ndipo gweru la dzino limodzi lasanduka la mano awiri.

N'chifukwa chake dokotala wabwino amayang'anitsitsa mano a m'mbali kuposa gweru lenilenilo. Ngati manowo ndi obenthuka kale, kapena anamatidwa pakulu moti akufunika zisoti ndithu, mlatho umathandiza pawiri. Koma ngati ndi athunthu, opanda banga, ganizani kawiri musanalole kuti awapale, ndipo funsani za mtundu wa kaphiko uja.

Pali nthawi zinanso pamene mlatho uyenera kudikira, kapena sungatheke. Ngati nkhama zimatuluka magazi mukamatsuka, kapena mano ena akugwedera, chiritsani zimenezo kaye. Ngati muli ndi matenda a shuga, shugayo akhazikike kaye, chifukwa shuga wokwera amakulitsa chiseyeye, ndipo chiseyeye chimavutitsa kutsitsa shuga. Fodya, wosuta kapena wofwenkha, amawononga nkhama. Amene amakukuta mano kutulo amuuze dokotala. Ngati mano osowa ndi ambiri motsatizana, zipilala ziwiri sizingasenze katundu wonsewo. Ngati kumbuyo kwa gweru kulibe dzino lina, ndiye kuti tsidya linalo kulibe pomanga. Mnyamata kapena mtsikana amene nsagwada zikukulabe adikire. Ndipo dzino likangozulidwa kumene, pamafunika miyezi ingapo kuti nkhama ndi fupa zikhazikike, apo ayi pansi pa dzino lopangalo padzatsala mpata.

Njira zina zitatu

Yoyamba ndi mano ovula, a pulasitiki aja amene amakhala pa kambale kofanana ndi nkhama. Anthu ambiri amawanyoza kuti ndi a nkhalamba, koma ali ndi ubwino wake. Ndi otsika mtengo, mano enieni sapalidwa, amatseka magweru angapo nthawi imodzi, ndipo dzino lina likadzachoka amangowonjezerapo. Masiku oyamba amasowetsa mtendere, malovu amachuluka ndipo lilime limapunthwa, koma pakapita milungu yochepa munthu amazolowera. Amafuna kuvulidwa usiku, kutsukidwa ndi mswachi ndi sopo pamwamba pa beseni la madzi kuti akagwa asasweke, n'kugona m'kapu ya madzi ozizira. Madzi otentha amawapinda.

Yachiwiri ndi implant. Iyi ndi kachitsulo ka titanium kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kakhale ngati muzu, ndipo fupa likakagwira, patapita miyezi, amavekapo dzino. Njirayi inayambira ku Sweden, kumene dokotala Per-Ingvar Brånemark anaika zitsulo zoterezi mwa munthu koyamba mu 1965. Mano a m'mbali sakhudzidwa konse. Koma imafuna opaleshoni, fupa lokwanira, nkhama zabwino, maulendo angapo a mumzinda, ndi ndalama zoposa njira zina zonse.

Yachitatu imadabwitsa anthu ndikaitchula: kusiya gwerulo mmene liliri. Si dzino lililonse lochoka limene liyenera kubwezeretsedwa. Mu 1992 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti cholinga chikhale chakuti munthu asunge mano akeake osachepera 20 ogwira ntchito moyo wake wonse. Munthu amene ali ndi mano onse akutsogolo ndi ena otafunira okumana bwino mbali zonse amadya mokwanira. Choncho ngati lachoka ndi dzino limodzi lakumapeto, mukutafuna bwino, ndipo dokotala waona kuti ena sakusuntha, ndalama zanuzo zingagwire ntchito yoposa mutamatitsa mano ena amene ayamba kubowoka.

Musanakwere minibasi

Zipatala za maboma, kuphatikizapo chathu cha Nkhotakota, zili ndi gawo la mano. Kumeneko mumapezeka makamaka akatswiri a mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences, amene amazula, kumata ndi kuchotsa zokanirira zolimba za m'mphepete mwa nkhama. Yambirani kumeneko, chifukwa zambiri zofunika kukonza mlatho usanaikidwe zimatheka konkuno. Mlatho weniweniwo umafuna dokotala wa mano ndi labotale, ndipo zimenezi zili m'mizinda. Kwa ife a chigawo chapakati, chipatala chachikulu chotumizako odwala ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Mpingo wathu nawo uli ndi zipatala zoona za mano ku Adventist Health Centre ku Lilongwe ndi ku Blantyre Adventist Hospital, ndipo m'mizindamo muli zipatala zina zolipira.

Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Mpaka mu 2019 aliyense wofuna udokotala wa mano ankakaphunzira kunja. M'chaka chimenecho maphunzirowa anayamba ku College of Medicine, imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma linakhazikitsanso ndondomeko yoyamba ya dziko lino yoona za umoyo wa m'kamwa. Zinthu zikusintha, koma pakadali pano munthu wa kuno ayenera kuyenda.

Kuchokera pa boma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo simupita kamodzi. Pali ulendo wokaonedwa ndi kujambulidwa, wokapalidwa mano, wokamatidwa, mwinanso wina wokakonzetsa. Powerengera ndalama, ikanimo thiransipoti, chakudya ndi pogona. Imbani foni kaye kuti mudziwe tsiku limene dokotala akupezeka. Ndipo mukafika, kumbukirani kuti safunsa anadya phula. Funsani izi:

Kodi mano anga a m'mbali ndi olimba mokwanira, ndipo chithunzi cha X-ray chikuonetsa chiyani pa mizu yake?

Kodi mtundu wa kaphiko ungatheke kwa ine?

Kodi mano ovula, kapena kungosiya, zingandiipire chiyani?

Mtengo wonse ndi ndalama zingati, kuphatikizapo kujambula ndi zisoti zoyembekezera? Pemphani kuti akulembereni papepala.

Ukamatuka kapena kusweka m'chaka choyamba, adzalipira ndani?

Dokotala woona sakwiya ndi mafunso otere. Onetsetsaninso kuti amene akukugwirani m'kamwa ndi wolembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Munthu amene akulonjeza kukuikani dzino losavula tsiku lomwelo, kuseri kwa golosale, osajambula, muthaweni. Chimodzimodzi achinyamata amene amasirira mano agolide a anzawo obwera ku Joni: kupalitsa dzino labwinobwino chifukwa cha fashoni ndi kugula vuto ndi ndalama zako zomwe.

Walira mvula walira matope

Amene waikitsa mlatho wadzipatsa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Pansi pa dzino lopanga lija pamakhala kampata pamene mswachi sufika. Mpunga wathu wa kuno, kondowole ndi timinofu ta nsomba zimabisala pamenepo. Popeza mano atatuwo ndi olumikizana, ulusi wotsukira mano sungalowe kuchokera pamwamba. Umafunika kuulowetsa cham'mbali, pansi pa mlatho, pogwiritsa ntchito kapulasitiki kooneka ngati singano, kapena kugula timiswachi tating'ono tolowa pakati pa mano. Zimenezi gulirani ku famase mukadali mumzinda, ndipo musachoke pa mpando wa dokotala asanakuonetseni kachitidwe kake, inu mutagwira galasi. Machesi, singano, phini kapena munga wa nsomba zimabaya nkhama, sizitsuka.

Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka usiku pokagona. Mukatsuka lavulani thovu, koma musachukuche ndi madzi, kuti mankhwalawo atsale pa mano. Nzimbe musasende ndi mano. Sendani ndi mpeni, n'kuduladula tizidutswa. Botolo lili ndi chotsegulira chake. Asodzi, ulusi wa ukonde dulani ndi kampeni. Kamodzi pa chaka kaonetseni mlathowo, ngakhale usakupweteke. Mukamva kuti ukugwedera, kapena pakutuluka fungo pamenepo, pitani msanga, chifukwa chisoti chikamasuka malovu amalowa ndipo chitsa chimaola mofulumira. Ukagwa, usungeni bwino n'kupita nawo. Musaumate ndi guluu wa m'golosale.

Dzino lotsika mtengo ndi limene muli nalo kale

Magweru ambiri amene ndimawaona akanapeweka. Anthu amabwera dzino litafika potupitsa tsaya, atayesa kaye kuika asipirini pa nkhama, zimene zimangowotcha mnofu. Pamenepo chotsala chimakhala kuzula basi. Chikhala kuti anabwera pamene dzinolo linkangonyerenyesa ndi madzi ozizira, likanamatidwa tsiku limodzi.

Makolo, pali dzino limodzi limene ndikupempha kuti mulidziwe. Mwana akafika zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano ake aubwana kumamera dzino lalikulu lotafunira, mbali zonse zinayi. Limamera popanda lina kuguluka, choncho ambiri amaliyesa laubwana n'kumati lidzachoka lokha. Ayi, limenelo ndi lachikulire, ndipo ndi limene kawirikawiri limayamba kuzulidwa mwa akulu. Muzimuyang'ana mwana m'kamwa pa dzuwa. Masuwiti, mafirizi ndi zakumwa zotsekemera zimawononga kwambiri zikamalowa m'kamwa pafupipafupi tsiku lonse, kuposa zikadyedwa kamodzi pa nthawi ya chakudya.

Ndipo ngati dzino lachikulire laguluka lonse ndi muzu womwe pa ngozi, pa mpira kapena pa kabaza, musalitaye. Ligwireni kumutu, osati kumuzu. Ngati lada, litsukuluzeni pang'ono ndi mkaka kapena madzi aukhondo, osalipala. Libwezereni pa malo pake, munthuyo alume kansalu koyera. Zikakanika, liikeni mu mkaka, n'kuthamangira kuchipatala ola limodzi lisanathe. Dzino lotere limatha kugwiranso. Koma dzino laubwana silibwezeredwa, chifukwa lingawononge lachikulire limene likubwera pansi pake.

Za mayi aja

Lolemba anabweradi. Mano awiri oyandikana ndi gweru anali athunthu, opanda banga. Koma nkhama zinkatuluka magazi ndikangozikhudza, ndipo kumbuyo kunali dzino lina lobowoka limene iwo sankalidziwa. Ndinawauza kuti ndalama za mwana wawo zisathamangire kukapalitsa mano awiri abwinowo. Tinachotsa zokanirira za m'nkhama, tinamata lobowokalo, ndipo anakayezetsa shuga. Ku Lilongwe anapita kukapangitsa dzino limodzi lovula, loti liwasunge pakadali pano. Dokotala wa kumeneko wawauza kuti nkhama zikapola bwino adzaone ngati mtundu wa kaphiko ungawayenere.

Anandidandaulira kuti masiku oyamba mawu ena ankatuluka ngati mluzu. Ndinawauza kuti aziwerenga phunziro la Sukulu ya Sabata mokweza madzulo aliwonse mpaka lilime lizolowere. Sabata lapitali ndinawaona ataima pa mzere wachiwiri wa kwaya, chitenje chili m'chiuno mmene chiyenera kukhalira.

Mwezi wamawa tidzakamba za fungo la m'kamwa: kumene limachokera, ndi mmene mungamuuzire mnzanu wa m'banja popanda kuyambana.